Khumbi la a Anselmo

A Vinsenti anapempha machesi kachiwiri, ndipo ulendo uno sanayang'ane munthu kumaso. Anangotambasula dzanja pakhomo la khitchini, chipewa chili kumutu, ngati akulankhula ndi khoma. Amayi amene ankawotha moto mkatimo anayang'anizana. Panalibe amene anafuna kuti machesi a ntchito imeneyo achoke m'manja mwake. Mapeto ake Magadalena anadzuka yekha pamkeka, n'kupapasa pamwamba pa khoma pomwe ankawabisa, n'kuwapatsa alamu akewo ndi manja awiri.

Kunja kunali kutacha kalekale, koma nkhungu inali itameza mudzi wonse. Phiri silinkaoneka, nkhokwe ya pakhomo pomwepo inkangooneka mthunzi, ndipo chisanu chake chinali cholowa mpaka m'mano.

Ntchito ya machesiwo inali yokawotcha khumbi la kudimba. M'khumbi mmenemo ndi mmene a Anselmo, mwamuna wa Magadalena, mng'ono wawo wa a Vinsenti, anapezeka ali gone, thovu lili kukamwa, malaya akununkha mankhwala opopera mbatata. Anawapeza ndi mayi wina wa dimba loyandikana, dzuwa litapendeka kale. Mmene ngolo imafika nawo kumsewu n'kuti atazizira. Tsono kwathu kuno malo amene munthu wadzipherapo sawasiya chiimire. Ukakhala mtengo amaudula n'kuutentha, likakhala khumbi amaliyatsa ndi zonse zam'katimo, osatolamo ngakhale singano, kuopa kuti imfa yotere ingaitane wina.

Maliro anali atayenda kale, ngati tinganene kuti anayenda. Akulu a mphakati wa tchalitchi anakhala pansi n'kugamula kuti wodzipha saimbiridwa. Amayi a Lejiyo anabwera ndithu, poti imfa ndi imfa, koma yunifolomu anasiya kunyumba. Munthu amene anaimba besi m'kwaya chiyambire unyamata wake anapita kumanda popanda nyimbo ngakhale imodzi. Inu, maliro opanda nyimbo ndi chinthu choopsa. Umamva zonse zimene nyimbo zimabisa: mapazi a anthu m'udzu wonyowa, bokosi likukhula pamapewa, wefuwefu wa adzukulu, dothi loyamba likugwera pathabwa. Magadalena analephera n'kulira komwe, chifukwa mawu ake akanamveka okhaokha manda onse.

A Anselmo anali mkamwini pamudzipo, kwawo kunali cha ku Kasina. Abale awo atabwera sanatukwane munthu, ayi, anali anthu opemphera. Anangokana chakudya cha m'manja mwa Magadalena. Pa tsiku lometa a Vinsenti anaimirira n'kunena modekha kuti mwamuna wamkulu, wa ana ophunzira, wa mbatata zobiriwira chonchija, sangothawa padziko popanda chomuthamangitsa pakhomo. Anati iwo sabwerera kwawo, ndipo mlamu wawoyo samumasula, mpaka atanena chimene anawachita mng'ono wawo.

Choipa kwambiri chinali chakuti Magadalena naye ankakhulupirira zomwezo. Kwa miyezi yambiri mwamuna wake anali atasintha. Ankangotsina chakudya pang'ono n'kusamba m'manja. Anaonda mpaka lamba anamuboola bowo lina ndi msomali. Kukangocha ankathamangira kudimba osamwa n'tiyi yemwe, dzuwa likamalowa n'kupitanso, akuti kukaona ngati mbuzi zalowa. Mbuzi zanji tsiku ndi tsiku? Dzulo lake la imfayo Magadalena anaphika nkhuku, yoweta yekha, a Anselmo n'kungodya kaphiko. Mayiyo anapsa mtima n'kuwauza kuti ngati atopa naye anene, njira ya ku Kasina sinamere udzu. A Anselmo anamuyang'ana nthawi yaitali, natsegula pakamwa, kenako n'kutsekanso. Mawu omaliza amene anamva kwa mkazi wawo anali amenewo.

Chiyambire tsiku limenelo fungo la mankhwala aja silinamuchoke Magadalena. Ankalimva m'madzi osamba, m'bulangete, m'zikhatho zake zomwe. Akafunsa amayi anzake ngati akulimva, ankangogwetsa nkhope.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankakana zonsezi, Cathy, mwana wawo woyamba, namwino ku Lilongwe. Iye ananena kuyambira tsiku limene anafika kuti bambo ake sanadziphe. Anati chidwalireni korona, chaka chija anthu ankavala zotseka pakamwa, mphuno yawo inali yakufa. Sankamva fungo lililonse, ndipo chakudya chinkangokhala ngati akutafuna gaga. Ulendo wina atapita ku Lilongwe ponena kuti akukaona zidzukulu, Cathyyo anawatengera kwa dokotala. Kumeneko anapeza kuti kuwonjezera pa zimene matendawo anawononga, m'mphuno munali mutamera tinyama totseka njira. Anawapatsa mankhwala opopera m'mphuno, n'kuwauza kuti azitsukamo ndi madzi owiritsa othira mchere, komanso kuti m'mawa ndi madzulo azinunkhiza zinthu za fungo lamphamvu, chimodzichimodzi, modekha, kuti mphunoyo iphunzirenso ntchito yake. Cathy ankati pa tsikulo payenera kuti panachitika ngozi, ngakhale sankadziwa kuti ngozi yotani.

Akuluakulu anamumvera bwinobwino, kenako n'kunena kuti mwana aliyense amafuna kuyeretsa dzina la kholo lake. Anamufunsa kuti mankhwala a m'mphunowo ali kuti. Cathy anafufuza nyumba yonse, mpaka kutsindwi, osapeza kanthu. Kudimba ndiye sanamulole n'komwe, poti kunali koletsedwa kupondako mpaka moto utayeretsa.

M'mawa umenewo, a Vinsenti atachoka ndi machesi, Cathy anagwada pafupi ndi mayi ake n'kuwapempha kuti awaletse anthuwo. Magadalena anamuyankha akuyang'ana moto.

"Iwe, bambo ako ndagona nawo mphasa imodzi kuyambira iwe usanabadwe. Mphuno yawo ingafe ine osadziwa?"

"Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, amayi."

"Chifukwa?"

"Ankati mungasweke mtima kudziwa kuti mukuphikira munthu wosamva kukoma. Ankati adzakuuzani akachira."

Magadalena anaseka kaseko koipa. Mudzi wonse unkadziwa mphuno ya a Anselmo. Ankamva mvula ili kuseri kwa phiri, ankamva matenda a chiwawu m'mbatata masamba asanade, ndipo anzawo ankawaseka kuti Mulungu anawapatsa mphuno ya galu wa uzimba. Komanso mpaka sabata yomaliza, akamachokera kudimba, ankalowa pakhomo akunena kuti nyemba zanunkhira mpaka kumsewu, kapena kuti lero ndiye mwaotcha usipa, mayi a Cathy. Sanaphonyepo. Munthu wosamva fungo angadziwe bwanji za mumphika wovindikira? Anamuuza Cathy kuti asiye kumunyengerera ngati mwana. Kunena zoona, mayiyo ankaopa mbali zonse. Ngati Cathy akunama, ndiye kuti mwamuna wake anamuthawa. Ngati akunena zoona, ndiye kuti iye anakalipira munthu wodwala mpaka tsiku lomaliza.

Mwambo unkafuna kuti namfedwa aone moto ndi maso ake, choncho anamutenga. Anatsetsereka kulowera kudambo ali pamzere, a Vinsenti patsogolo, adzukulu awiri atasenza mitolo ya udzu wouma, kenako Magadalena ndi Cathy. Galu wa a Anselmo anawatsatira mpaka pa mibulugamu ya m'malire, pamenepo n'kukhala pansi. Anamuitana, iye osasuntha. M'dambo nkhungu inali yochindikala kuposa kumudzi, moti munthu wa patsogolo pako ankaoneka msana wokha wopanda miyendo. Kunalibe mbalame, kunalibe chule. Mbatata za malemu zinali zitayamba maluwa, mizere yake yowongoka ngati aijambula ndi chingwe, ndipo keni yothirira inali chikhalire pakati pa mzere pomwe mwini wake anaisiya.

Khumbilo linatulukira mwadzidzidzi, lakuda, lonyowa, chitseko chake cha mapesi chili chotseka. Apa a Vinsenti anaima. Anafunsa kuti anatseka ndani, popeza amene ananyamula mtembo ananena kuti anathamanga osacheuka. Mdzukulu wamkulu, a Rafaelo, munthu amene anakumba manda ambiri osaopapo kanthu, anati mwina ndi mphepo, koma mawu awo anatuluka opyapyala. Anatenga ndodo n'kukankha chitsekocho ali patali.

Fungo limene linatuluka mmenemo linawabweza onse m'mbuyo. Silinali la mankhwala ayi. Linali fungo la chinthu chakufa kalekale, lolemera, lomata kukhosi. Mdzukulu winayo anaponya udzu pansi n'kukasanza m'ngalande. A Rafaelo anachita chizindikiro cha mtanda n'kunena kuti mtembo anauchotsa tsiku lomwelo, nanga ichi n'chiyani. Anati ayatse msanga, mzimu wa mwini wake sunachoke. A Vinsenti anatulutsa machesi, koma kamtengo koyamba kanathyoka.

Magadalena thupi lonse linachita tsemwe. Komabe pansi pa manthawo panali china chimene chinkamukoka, chifukwa fungolo ankalidziwa. Mkazi aliyense wa kumapiri kuno amalidziwa. Asanaganize bwino anali atadutsa kale pakati pa amunawo, chitenje chili pamphuno. A Vinsenti anamuitana kuti alamu bwererani, mwapenga kodi, koma iye anawerama n'kulowa.

Mkati munali mdima, kuwala kunkangolowera m'timipata ta udzu. Maso atazolowera anaona thumba la mbatata za mbewu litatsamira pakona. Linali litawola kalekale, mwina chiyambire dzinja, mpaka kusungunuka n'kutsika ngati munthu wokhala pansi. Madzi akuda anali atayenderera n'kuuma, n'kuyendereranso. Mbatata ikawola imaposa nyama kununkha, ndipo imodzi yokha imakutulutsa m'nyumba. Apa linali thumba lathunthu.

Pambali penipeni pa thumbalo, moti chigongono chikanatha kuligunda, panali kampando ka a Anselmo. Kanali kosalala chifukwa chokhalidwa tsiku ndi tsiku, ndipo pansi pake dothi linali litakumbika timaenje tiwiri ta zidendene.

Magadalena anachotsa chitenje pamphuno. A Anselmo, munthu amene ankatuluka m'tchalitchi mwana akaipitsa thewera kumabenchi a kumbuyo, ankakhala apa m'mawa ndi madzulo, phewa ndi phewa ndi chinthu ichi, osadziwa kanthu. Ndipo pomwepo anakumbukira kuti pochokera kudimba mwamuna wake sankalowanso ndi njira ya kumaso. Ankazungulira kuseri kwa khitchini, kudzala, kumene iye ankataya makoko ndi mitu ya usipa ndi madzi otsukira nyemba. Ankayamba waona kaye, kenako n'kudzalowa pakhomo akuyamikira fungo.

Anaitana Cathy ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

Kutsogolo kwa kampandoko kunali kathabwa kokhomedwa pakhoma. Pamenepo panali kabotolo koyera ka mankhwala opopera m'mphuno, kapu ya pulasitiki, ndi timabotolo takale ta mafuta odzola titandandalikidwa bwinobwino, kalikonse kotseka zolimba. Cathy anatsegula kamodzikamodzi akulira mwakachetechete. Mu kena munali makoko a ndimu, mu kena masamba a bulugamu ofikisa, mu kena khofi, mu kena mpungabwi. Makoko a ndimuwo anali asanaume n'komwe.

Kumapeto kwa kathabwako kunali botolo lofiirira la chakumwa, lotseka ndi chitsononkho. Linzake, lofanana nalo ngati mapasa, linali pansi pomwe linagwera, losatseka. Cathy anatola onse awiri n'kutuluka nawo panja. Anapereka lotseka lija kwa a Vinsenti n'kuwapempha kuti alawe. Iwo anazengereza, kenako ananyowetsa chala n'kuika palilime. Anali madzi a mchere. Atawapatsa linalo, sanafike nalo n'kumphuno komwe, anatembenuza nkhope maso akutuluka misozi.

Mlimi aliyense pamenepo ankadziwa mmene zimakhalira. Mankhwala a mbatata ambiri sagula chigubu chathunthu, amagula opimiridwa pamsika wa Linthipe, wogulitsa n'kukuthirira m'botolo lililonse limene lili pafupi, lopanda chizindikiro. Munthu amalisiyanitsa ndi fungo basi, ndipo fungo lake ngakhale mwana amalithawa. Cathy anafotokoza mmene bambo ake ankatsukira m'mphuno. Ankathira madziwo m'kapu, n'kutseka mphuno imodzi, n'kukoka mwamphamvu mpaka atsikire kukhosi. Anali munthu wochita chinthu ndi mtima wonse, sankakoka mwaulesi. M'mawa wa nkhungu ngati uwu, mumdima wa khumbi, dzanja linangopita pa botolo lolakwika.

A Rafaelo anasuzumira mkati, naona thumba lija ndi kampando, n'kutuluka akupukusa mutu. Anati munthu wa mphuno yamoyo sangakhale mmenemo ngakhale nthawi yonena Tikuoneni Maria mmodzi.

A Vinsenti anakhala chiimire nthawi yaitali, botolo la madzi a mchere lili m'manja. Anali munthu wouma khosi, wosazolowera kubweza mawu, ndipo nkhope yawo inkaoneka ngati akumeza mwala. Anavula chipewa. Anayang'ana mizere ya mbatata, nayang'ana keni ija, kenako anabwera pakhomo la khumbi n'kugwada pa dothi lonyowalo, munthu wamkulu ngati iwo.

"Alamu, tamuika ngati galu mng'ono wanga. Ndipo inu takusenzetsani mtembo umene si wanu."

A Vinsenti anatulutsa machesi aja n'kuwaika pansi pafupi ndi phazi la Magadalena. Anauza adzukulu kuti udzuwo ubwerere, ndipo iwo sapita kunyumba, alunjika kwa akatekisiti ndi mabotolo onse awiri, akapanda kumveka kumeneko akafika mpaka kwa abambo mfumu ku parishi. Anati kwaya imene inakhala chete ija ikaimbe pamanda, ngakhale dothi litauma kale. Anapempha Cathy kuti apite nawo akafotokoze za chipatala, poti iwo angasokoneze. Cathy anafuna kutenga mayi ake, koma Magadalena anati atsogole, abwera.

Mapazi awo anazimiririka m'nkhungu, dambo n'kubwerera kukhala zii.

Magadalena anakhala pa kampando kaja, zidendene zake n'kulowa m'timaenje ta mwamuna wake. Mtima unali utapepuka ndi kuwawa nthawi imodzi. Sanamuthawe, ayi, chimenecho tsopano anachidziwa. Koma mawu aja a njira ya ku Kasina anali atanenedwa, ndipo panalibenso munthu woti akawabweze kwa iye. Analira tsopano, kulira kwenikweni kumene kunakanika kumanda kuja, mpaka mphuno zinatsekeka n'kutsegukanso.

Akupukuta maso, anaona kuti kuseri kwa timabotolo tija, kopanikizidwa pakati pa thabwa ndi udzu, kunali kena kamene Cathy sanakaone. Chivindikiro chake chinali chakuda ndi zala kuposa tonse, ndipo chinali chomangitsa kwambiri moti anachita kutsegula ndi chitenje. Mkati munalibe tsamba kapena khoko. Munali kansalu kopindidwa kanayi, kobiriwira, ka timadontho toyera. Anakadziwa asanakatambasule. Kanali kansonga ka duku lake lakale logona nalo, limene tsiku lina analipeza litadulidwa pakona, iye n'kutukwana makoswe sabata yathunthu, a Anselmo akumuthandiza kutchera misampha.

Anakaika pamphuno. Ngakhale m'kati mwa chivundi chonsecho kanamveka, pang'ono chabe: utsi wa khitchini, mafuta a m'tsitsi, thukuta la munthu wogona. Ndimu ndi khofi zinali za adokotala. Ichi anawonjezera okha.

Mphepo panalibe, udzu wa khumbi sunkagwedezeka. Koma kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, cha pakhosi, Magadalena anamva ngati wina akukoka mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono, motalika, mmene amachitira munthu amene akuyesetsa. Tsitsi likanakhalapo likanaima. Chitseko chinali pomwepo, chotsegula, ndipo akanatha kuthawa.

Sanacheuke. Anakweza manja n'kumasula duku lakuda la umasiye, naliika pamiyendo. Kenako anaweramitsa mutu wake wometedwawo, n'kukhala phee, kudikira kuti amalize.